Wina ndi wa njomba, wina ndi wa zigoli: kodi manambala angatisankhire winga?

"Akochi, ine ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, madzulo ndimaphunzitsako anyamata mpira, timu ya osapitirira zaka 17. Ndili ndi mawinga awiri amene akundizunguza mutu. Wakumanzere ndi mwana wa njomba, akagwira mpira galaundi yonse imaimirira, koma m'magemu 11 amene tasewera wagoletsa ziwiri basi. Wakumanja ndi wofatsa, wochepa thupi, anthu samutchula nkomwe koma ali ndi zigoli 7, zitatu ndi mapenate. Pakatha masabata asanu ndi limodzi tili ndi mwayi wotumiza mnyamata mmodzi yekha kukayesedwa ku Lilongwe. Ku vidiyo sho timamva zoti matimu ngati Brighton amagula osewera poyang'ana manambala pa kompyuta. Kodi ife opanda kamera ndi laputopu tingathe zimenezi? Tiziwerenga chani kwenikweni? Chinanso, kwabwera bambo wina akuti ndi ejenti, akufuna makolo a wa njombayo apereke ndalama kuti amupititse kunja."

Aphunzitsi, mtima m'malo, vuto lanuli ndi la anthu olemera, anzanu akusowa ngakhale winga mmodzi wolongosoka inu mukulira ndi awiri. Za laputopu musade nazo nkhawa, ine ndinayamba kulemba za osewera ndi kope la ana asukulu ndi bolopeni nditakhala pa njerwa m'mbali mwa galaundi, ndipo mpaka lero zambiri zomwe ndimadziwa za mawinga ndinaziphunzira m'makope amenewo osati pa kompyuta ayi. Inuyo ndiye muli pabwino kuposa ine nthawi imeneyo chifukwa masamu ndi ntchito yanu. Za ejentiyo ndibwererako, koma auzeni makolowo lero lomwe asatulutse ngakhale kwacha imodzi.

Tiyambe ndi za Brighton zo, poti anthu amazikamba ngati matsenga. Mwini timuyo Tony Bloom ndi munthu amene analemera ndi masamu a kubetcha, ndiye atatenga timu anabweretsa mutu womwewo, kufufuza wosewera amene mtengo wake uli pansi kusiyana ndi zomwe akuchita m'bwalo. Kunjaku kuli makampani ngati Opta ndi Wyscout amene ntchito yawo ndi kulemba chilichonse chochitika mu gemu, ndani wagwira mpira, pati, wapatsira ndani, ndiye timu imatha kusefa osewera masauzande kutsala khumi. Kaoru Mitoma anamupeza choncho ku Kawasaki Frontale ya ku Japan mu 2021 pa ndalama zosapitirira mapaundi 3 miliyoni, n'kumubwereketsa kaye ku Union Saint-Gilloise ya ku Belgium. Mnyamata ameneyo, kungokuuzaniko, ali ku yunivesite ya Tsukuba kafukufuku wake womalizira analemba za njomba zomwezi. Koma kompyuta ikasefa khumi aja, anthu amakwerabe ndege kukakhala m'sitediyamu kuwaonera ndi maso, kufunsa khalidwe lawo, amadya chani, akatukwanidwa ndi kochi amatani. Manambala amangokulozera khomo loti ugogode.

Nthawi zina manambala amakonza maso. Liverpool mu 2017, kochi wawo Klopp mtima wake unali pa Julian Brandt wa Bayer Leverkusen, anthu a manambala a timuyo ndi amene anakakamira Salah, pomwe ambiri ku England ankangokumbukira kuti analephera ku Chelsea. Koma ku Chelsea ko anasewera magemu 13 okha a ligi, pamene ku Roma chaka chomalizacho anagoletsa 15 mu ligi, ndiye iwo anati tikhulupirire magemu ambiriwa osati ochepa aja. Anabwera n'kumwetsa 32 mu ligi chaka choyamba. Nthawi zinanso maso ndi amene amatola. Steve Walsh, wofufuza osewera wa Leicester, anapita ku Le Havre ku France kukaonera Ryan Mendes, n'kukopeka ndi kamnyamata kowonda kotchedwa Mahrez, anakagula mu Januwale 2014 pa ndalama zosakwana theka la miliyoni ya mapaundi, 2016 akunyamula ligi. Ndiye musandifunse kuti chabwino n'chiti pakati pa maso ndi kope, ntchito ya kope ndi kukutsutsani pamene maso akukunamizani.

Ndipo palibe malo m'bwalo amene maso amanamizidwa kwambiri kuposa pa winga. Amasewera pafupi ndi mzere pomwe masapota aima, akadyetsa munthu njomba phokoso limabuka pompo, ndipo phokosolo ndi lomwe mumapita nalo kunyumba. Mipira isanu ndi iwiri imene anataya simuikumbukira. Difenda wapakati akalakwitsa kamodzi aliyense amakumbukira cholakwacho, winga akachita bwino kamodzi aliyense amaiwala zolakwa zake zonse. Chigoli cha Gabadinho Mhango chomwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022 tonse tikuchiona m'maso mpaka lero, ndipo chinali chokoma zedi, koma pitani pa galaundi iliyonse muone ana angati akuombera mpira kuchokera ku Mchinji poganiza kuti mpira ndi umenewo. M'maligi akuluakulu, pa mashoti 100 akunja kwa bokosi olowa nthawi zambiri sakwana asanu.

Tsono chochita ndi ichi. Pezani ana awiri a Fomu 3 odekha, makamaka amene sachemerera kwambiri, atsikana nthawi zambiri amandilembera bwino kuposa anyamata chifukwa anyamata mpira ukafika pagolo amaponya kope pansi n'kuyamba kudumpha. Aliyense mumupatse winga mmodzi, asayang'ane mpira, aziyang'ana munthu wakeyo basi kuyambira wezulo yoyamba. Munthu mmodzi sangalembe osewera awiri, ndinayesa, zimatuluka zabodza. Ndipo gemu yotsatira muziwasinthanitsa olembawo, kuti ngati wina amakondera mnzake wa m'kalasi zionekere.

Pamwamba pa tsamba alembe mphindi zimene mnyamatayo wasewera, timu yomwe mukusewera nayo, galaundi yake, ndi mmene zigoli zinalili. Mphindizo ndiye maziko a zonse, chifukwa "magemu 11" sakundiuza kanthu, mwina wina anasewera onse mpaka kumapeto wina ankatuluka pa hafu. Chilichonse muzichigawa ndi mphindi n'kuchulukitsa ndi 90. Tinene kuti wina ali ndi zigoli 6 m'mphindi 900, wina 4 m'mphindi 400, woyambayo ndi 0.6 pa gemu yathunthu, wachiwiriyo 0.9, mwaona mmene zatembenukira. Koma chenjerani naye wa 400 yo, mphindi zake ndi zochepa, komanso ngati amalowa gemu ili kumapeto ndiye kuti amathamangitsa madifenda otopa kale. Anthu a ntchitoyi ambiri sakhulupirira manambala a munthu amene sanakwanitse mphindi 900, magemu khumi athunthu, ndipo ngakhale pamenepo zigoli zimasewerabe ndi mwayi.

N'chifukwa chake ine zigoli ndi ma asisiti (mapasi amene mnzako wagoletsera) ndimaziika kumapeto. Zimachitika kamodzikamodzi, ndipo chinthu chochitika kamodzikamodzi chimanama msanga. Wakumanja wanuyo chotsani kaye mapenate atatuwo, atsala ndi zinayi. Penate imalowa pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse kaya womenya ndi ndani, ndiye imakuuzani zoti mwanayo mtima wake sugunda, zomwe n'zabwino, koma sikuuzani za uwinga wake. Arsenal inalipira mapaundi 72 miliyoni kugula Nicolas Pépé mu 2019 atagoletsa 22 mu ligi ku Lille, koma 9 mwa zimenezo anali mapenate, ndipo ku Lille ankasewera mpira wothamangira m'malo otseguka pomwe ku Arsenal anakapeza matimu atatseka khomo. Zinayi ndi ziwiri m'magemu 11 kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, shoti imodzi yomenya chitsulo ikanalowa bwenzi tikukamba zina.

Chomwe ndimafuna kwambiri pa winga ndi funso limodzi: akamudutsa munthu, kenako chimachitika n'chani? Ndiye wolembayo nthawi iliyonse mnyamata akalunjika difenda ndi mpira alembe kachizindikiro, wadutsa kapena walandidwa, ndipo pambali pake alembe chotsatira, kaya shoti, kaya pasi yolowa m'bokosi, kaya wachitidwa faulo kapena wapeza kona, kaya palibe. "Palibe" ameneyo ndiye amaulula anthu. Pali ana amene amadutsa difenda, n'kuima, kumudikira abwerere kuti amudyetsenso njomba ina anthu akuwe, pofika nthawi yoponya mpira mabeki onse abwerera kale ndipo sitiraika waima ofusayidi manja m'chiuno. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Alembenso malo, chifukwa njomba ya pakati pa bwalo ndi njomba ya pakona ya bokosi si katundu mmodzi, ndipo kulandidwa mpira kumbali yanu ya bwalo ndi mlandu waukulu kuposa kulandidwa pafupi ndi golo ya adani.

Apa ndichenjezenso mbali inayo, musamudane wa njombayo chifukwa choti amataya mipira. Winga amene sataya mpira nkomwe kawirikawiri ndi wamantha, amangobwezera kwa beki wake. Ngakhale akatswiri a ku Ulaya amene timawaonera, njomba zawo pafupifupi theka zimalephera. Mwana amene walunjika difenda kakhumi n'kudutsa kasanu ndimamufuna kuposa amene wayesa kawiri n'kudutsa kawiri, ngakhale pa peresenti wachiwiriyo akuoneka ngati dolo. Kulimba mtima kofuna mpira utangolandidwa kumene n'kovuta kuphunzitsa, pamene kudzutsa mutu n'kuponya msanga kumaphunzitsika ndithu ngati mwanayo amamva.

Nkhani ya Adama Traoré ndimaikonda chifukwa imaluma mbali zonse. Ku Wolves munthu uja pa njomba ndi liwiro panalibe womufika, mpaka ankadzola mafuta m'mikono kuti madifenda asamugwire, koma m'zaka zisanu zigoli zake za mu ligi sizinafike 15. Ndiye anthu amati onani, njomba zopanda phindu. Koma mu 2019/20 anapereka ma asisiti 9, ambiri mwa iwo kwa Raúl Jiménez, ndipo Jiménez atasweka chigaza pa gemu ya Arsenal mu Novembala 2020 ma asisiti a Adama anauma. Munthu yemweyo, makirosi omwewo, wosowa anali womalizitsa. Asisiti ndi ya anthu awiri. Ndiye inu musamawerenge ma asisiti okha, muziwerenga pasi iliyonse imene yathera mu shoti ya mnzake, kaya yalowa kaya yapita kumitengo ya bulugamu. Mwina mupeza kuti wakumanzere wanuyo amaphika bwinobwino koma sitiraika wanu ndi amene amataya ndiwo.

Za xG zomwe mumaziona pa TV ndi nzeru yomweyi, kuyeza kuti shoti yochokera pamalo akutiakuti imalowa kangati pa 100. Inu simungaiwerengere ndendende koma mutha kupanga yanu yakumudzi. Gawani malo patatu, pakamwa pa golo, m'bokosi monse, ndi kunja kwa bokosi, ndipo shoti iliyonse ya mnyamatayo kapena yomwe wapangira mnzake ilembedwe ndi malo ake. Pakatha magemu asanu muona nokha kuti wina mashoti ake asanu ndi atatu onse ndi akutali, wina ali ndi anayi okha koma onse ndi a m'bokosi. Masapota amanyoza zigoli za pakamwa pa golo, amati wangodya zophikaphika, koma kufika pamalo amenewo pa nthawi yake gemu ndi gemu ndi luso, ndipo ndi luso lomwe limasamuka bwino mwana akakwera ligi yapamwamba.

Makirosi ndiye musawawerenge mwachisawawa, apa ndinapsapo ine. Chaka china ndikuthandiza timu ina ya achinyamata ndinapachika pepala pakhoma losonyeza amene waponya makirosi ambiri, ndimati ndikuwalimbikitsa. Pasanathe mwezi mawinga anga onse anasanduka makina oponya mipira m'mwamba, akangodutsa pakati pa bwalo waponya, goloboyi wa adani amangotola ngati mango. Manambala anakwera, zigoli zinatsika. Kuyambira pamenepo kope langa ana saliona lonse, ndimangomuitana mmodzi pambali n'kumuuza chinthu chimodzi choti akonze. Makirosi ambiri a m'mwamba sapeza mnzako, ngakhale ku Ulaya komwe. Mpira woopsa ndi uja winga wafika pamzere wakumapeto n'kuubwezera pansi cha pa penate pomwe madifenda akuthamangira kugolo kwawo, Man City ya Guardiola inadya nawo anthu zaka zambiri mpira umenewu. Umenewo muziulemba padera.

Ndiye pali zomwe mwana amachita alibe mpira, zomwe ndi pafupifupi gemu yonse, chifukwa winga mpira amakhala nawo kuphazi mwina mphindi ziwiri zokha pa 90. Wolembayo aziika kamzere nthawi iliyonse mnyamata wathamangira kuseri kwa madifenda, ngakhale mpira usamupeze, komanso nthawi iliyonse mpira uli mbali inayo iye n'kulowa m'bokosi ku chitsulo chakutali m'malo moima pamzere ngati akudikira minibasi. Muonereni Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ndi Kansas City Current, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligiyo pa chaka chimodzi. Liwiro ali nalo inde, koma yang'anani nthawi imene amanyamukira, mpira usanachoke kuphazi kwa mnzake iye wayamba kale ulendo. Ndikukayikira kuti wakumanja wanu wofatsayo zigoli zake zikuchokera kumeneku, ndipo ngati zili choncho ndiye kuti ali ndi mutu wa mpira.

Alembenso zomwe amachita akalandidwa mpira. Amathamangira kukaulanda, kapena amaima n'kumayang'ana jombo zake ngati ndi zomwe zalakwa? Kumene mukumutumizako makochi amayang'ana zimenezi msanga kuposa njomba, chifukwa mpira wa masiku ano winga amene sabwerera kukathandiza beki wake ndi katundu wolemetsa timu. Phazi lachiwiri nalonso, kangati wagwiritsa ntchito phazi lomwe si lake. Kumudzi difenda sadziwa kuti mwanayu ndi wa phazi limodzi, mu Super League amudziwa pa gemu yachiwiri n'kumutsekera njira imodziyo, basi wathera pomwepo.

Tsono manambala onsewa ali ndi matenda awo, ndipo aakulu kwa ife kuno ndi zaka. Mwana wa zaka 16 amene thupi linakula msanga amadutsa anzake ndi mphamvu chabe, amangokankha mpira kutsogolo n'kuthamanga, kope lidzadzaza ndi zizindikiro zabwino, koma pofika zaka 20 anzake amupeza msinkhu ndipo zimapezeka kuti luso analibe. Ngakhale ku Ulaya komwe zaka sanama, m'ma akademi mumadzaza ana obadwa miyezi yoyambirira ya chaka chosankhira, chifukwa pa msinkhu umenewu kusiyana miyezi khumi ndi nkhani yaikulu. Jamie Vardy anamuchotsa ku Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16 ati ndi wamfupi. Inenso ndinasiyapo kamnyamata kena kochepa thupi n'kutenga chimphona chothamanga, patatha zaka zitatu chimphonacho chinali chitasiya mpira, kamnyamatako ndinakakapeza kakuvutitsa anthu mu ligi ya m'chigawo, ndipo nditabwerera ku kope langa lakale zonse zinalimo, mapasi othera mu shoti kanali pamwamba pa onse, ine ndi amene sindinafune kuwerenga. Ndiye lembani mwezi ndi chaka chobadwa cha aliyense, muwayeze msinkhu pakhoma miyezi itatu iliyonse. Ngati wakumanjayo akuchita zomwe akuchitazi thupi lisanabwere, muwonjezereni mamalikisi.

Ndipo zaka zikhale zoona, aphunzitsi, inu muli ndi mwayi woona mabuku a sukulu. Kuchepetsa zaka kumaononga mwana yemwe mukuti mukumuthandizayo. Mipikisano ya osapitirira zaka 17 masiku ano amajambula dzanja ndi makina a MRI kuona ngati mafupa anamaliza kukula, Cameroon inachotsapo anyamata 21 mwa 30 pa nkhani yomweyi.

Matenda ena ndi adani ndi galaundi. Njomba zisanu ndi zitatu pa timu yomwe munaichinya 6 kwa 0 sizilemera ngati ziwiri pa timu yomwe ili pamwamba, ndiye magemu ovuta muziwayang'ana paokha, ndi momwe mumaoneka zenizeni. Galaundi ya mabampu imalanga mwana woyendetsa mpira pafupi ndi phazi ndipo imakondera wongokankha n'kuthamanga, pamene akakafika pa kapeti ngati wa pa Kamuzu Stadium kapena udzu wa pa Bingu zimatembenuka. Palinso magalaundi opendekeka, mbali ina kumakhala matope mbali ina kouma, winga wina amasewera m'dimba mnzake ali pa msewu. Onaninso amene ali kumbuyo kwawo, ngati beki wakumanzere ndi wodziwa kupatsira ndipo wakumanja amangobutsa, mawinga anuwo sakudya mbale imodzi. N'chifukwa chake muziwerenganso kangati aliyense walandira mpira, kuti zomwe wachita muziziyeza ndi zomwe anapatsidwa.

Foni ingakuthandizeni ngati ilipo. Wina akwere pamalo okwera, pa chulu kapena pa galimoto yoima, ajambule mopingasa osasendeza chithunzi pafupi, kuti muzionanso zomwe mwana akuchita mpira uli kutali. Koma ndikupempheni, osamudula tizidutswa ta njomba zokhazokha n'kuikapo nyimbo, aliyense amaoneka Messi pa mphindi zitatu. Kochi wodziwa ntchito amafuna hafu yathunthu, yokhala ndi zolakwa zomwe. Ndipo popeza ndi ana, pemphani kaye makolo musanaike kanema wawo pa Facebook kapena kutumiza kwa munthu.

Pali pomwe kope liyenera kutsekedwa n'kupita kwa ena. Mukaona manambala a mwana agwa mwadzidzidzi, sakuthamangiranso kuseri, sakulunjikanso difenda, musathamangire kunena kuti wayamba matama kapena chibwenzi. Ana a msinkhu uwu akamakula mofulumira amamva kuwawa pansi pa bondo kapena ku chidendene, ena nyama ya kuseri kwa ntchafu imakoka, ndipo amabisa poopa kuchotsedwa mu timu. Bondo likatupa, akamatsimphina m'mawa, kapena ululu ukapitirira sabata ziwiri, apite kuchipatala cha boma akaonedwe, osati kungomuthira madzi ozizira n'kumubwezera m'bwalo. Akagundidwa mutu n'kuchita chizungulire atuluke tsiku limenelo, palibe zokambirana. Nthawi zinanso vuto ndi njala chabe, mwana wabwera ku gemu ya 3 koloko atangomwa phala m'mawa, chigawo chachiwiri manambala ake azigwa nthawi zonse. Komanso musanapange chiganizo chomaliza itanani kochi wina amene anachita maphunziro a FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, amene sawadziwa anawa, adzaonere gemu imodzi kapena ziwiri musanamuonetse kope. Akanena zofanana ndi kope ndiye kuti mwaponda pouma, akasiyana nalo khalani pansi mufufuze chifukwa.

Tibwerere kwa bambo ejenti aja. Malamulo a FIFA salola mwana wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri monga makolo ake kusamukira komweko pa nkhani zosakhudza mpira. Ndiye munthu wolonjeza kupititsa mwana wa zaka 16 ku Ulaya kapena ku Joni akulonjeza chinthu chomwe timu yolongosoka singachite. Ejenti weniweni amakhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo timu yofunadi mwana imalemba kalata yodutsa ku timu yake ndi ku FAM, siyitumiza munthu kukatolera ndalama za "viza" kwa makolo osauka. Ana ambiri a ku West Africa anathera m'misewu ya ku Ulaya ndi njira imeneyi makolo atagulitsa minda. Mufunseni dzina lonse ndi nambala ya laisensi, mukafunse ku FAM, ndipo pasipoti ya mwana isachoke m'manja mwa makolo. Akayamba kukwiya ndi mafunsowo mwadziwa kale. Njira ya anzathu ambiri amene anapitadi kunja inadutsa pa ligi yathu yomweyi, Peter Banda anaonekera ku Bullets asanapite ku Simba ya ku Tanzania mu 2021. Chinanso, alembetseni anawa mwadongosolo ku timu yanu, chifukwa mwana akadzagulitsidwa kunja matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 amayenera kulandirako kachigawo, koma popanda mapepala simudzaona kanthu.

Mukandikakamiza kuti ndisankhe lero ndi zochepa zomwe mwandipatsazi, ndikupendekera kwa wakumanja, chifukwa mwana wochepa thupi amene akupezeka pamalo ogoletsera mobwerezabwereza nthawi zambiri amakhala akuona mpira msanga kuposa anzake. Koma ndikuopa chinthu chimodzi, kukayesedwa kumakhala kwa tsiku limodzi kapena awiri pakati pa ana osadziwana amene aliyense akufuna kudzionetsa, palibe amene adzamupatsire mpira akathamangira kuseri, ndipo malo oterowo amakomera wa njomba. Ndiye mukatumiza wofatsayo mumutumize ndi pepala la manambala ake ndi kanema wa hafu yathunthu, kuti oyesawo adziwe choti ayang'ane. Masabata asanu ndi limodzi mwina akupatsani magemu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi ochepa koma pa njomba, mashoti ndi kuthamanga akwanira kuonetsa chithunzi, poti zimenezi zimachitika kambirimbiri pa gemu. M'magemu awiri mwa amenewo muwasinthanitse mbali, wakumanzere apite kumanja, wakumanja abwere kumanzere, beki ndi matope zisinthane eni ake. Ndipo wa njombayo mumuuze chinthu chimodzi chokha sabata ino, akadutsa munthu asagwirenso mpira kopitirira kawiri asanaponye kapena kuombera. Mukatha magemu atatu munditumizire zithunzi za masamba a kopelo, makamaka ndime ija ya "palibe", ndione ngati ikuchepa.